Bawo la M'thumba Lafika pa Golomoti

Tsiku la sikelo ya ana anthu amayamba kufika pa chipatala dzuwa lisanakwere. Ena amachokera m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, ena ku chigwa cha Bwanje, enanso amatsika pa kabaza pa msewu wa M5 namaliza ulendo wawo pansi. Pofika 9 koloko mabenchi amakhala atadzaza, ndipo otsalawo amafunafuna mthunzi pansi pa mitengo, pakuti dzuwa la ku Golomoti m'mwezi wa Okutobala silidziwa mwana kapena wamkulu. Kwa munthu wodzalandira chithandizo, ntchito yaikulu ya tsikulo ndi kudikira: kudikira kuti dzina lake liitanidwe, kudikira zotsatira za magazi, kudikira mankhwala pa zenera.

Kale anthu odikira motere ankacheza, kuwodzera, kapena kungoyang'ana nyerere pansi. Masiku ano pa benchi sipalephera kupezeka munthu mmodzi kapena awiri atazyolika, chala chili yakaliyakali pa galasi la foni. Sakulembera munthu uthenga ayi, akusewera. Wina akuyendetsa kanjoka kuti kadye popanda kudziluma mchira, wina akuyala tinjerwa togwa kuchokera pamwamba, wina akusanja timaswiti titatu ta mtundu umodzi kuti tiphulike. Achinyamata amangoti ndi magemu. Pa siteji ya kabaza, pamene msewu wotsika Khwekhwerere kuchokera ku Masasa umakumana ndi M5, anyamata oyembekezera okwera amachita chimodzimodzi, ndipo madzulo ana amalimbirana foni ya mayi awo pa khonde.

Makolo ambiri sadziwa choti aganize. Ena amati masewerawa amanola nzeru za mwana, ena amati amaononga maso ndi kupusitsa mutu. Mbali zonse ziwiri zili ndi kachoonadi kake, koma nkhani yeniyeni yagona pena. Pali masewera amene amathandiza munthu kudikira, ndipo palinso masewera amene adapangidwa kuti munthu azidikira iwowo.

Si zachilendo kwenikweni

Kuzunguza mutu mwadala pofuna kusangalala sikudabwere ndi mafoni. Agogo a ku Mtakataka ndi ku Mua ankaponyera ana zilapi usiku pa moto, ndipo wolephera kumasulira ankalipira ng'ombe ya pakamwa kuti auzidwe yankho. Abambo mpaka lero amakhala pa bawo pansi pa mtengo: maenje 32, nkhomo 64, osewera awiri, ndi khamu la oonerera amene aliyense amadziyesa katswiri kuposa amene agwira nkhomowo. Katswiri weniweni wa bawo asanatole nkhomo amayamba wawerengera chamumtima kumene dzanja lake likagwere, zimene adye, ndi chimene mnzake abweze. Pa drafuti ya zitsekerero za mabotolo ndi chimodzimodzi. Kukoma kwa masewera onsewa kuli pa kuoneratu chimene chikubwera.

Masewera a m'foni a mtundu wozunguza mutu adamangidwa pa kukoma komweko. Gogo wawo ndi Tetris, amene adapangidwa m'chaka cha 1984 ndi katswiri wa makompyuta, Alexey Pajitnov, mu mzinda wa Moscow. Malamulo ake mwana wa Sitandade 1 atha kuwamva popanda womuuza. Tinjerwa ta maonekedwe 7, kalikonse kopangidwa ndi timabokosi 4, timagwa kamodzikamodzi kuchokera pamwamba. Wosewera amakatembenuza ndi kukakankhira kumanja kapena kumanzere kuti kagwe pamalo poyenera. Mzere ukadzaza popanda mpata umafufutika. Koma akamasiya mipata, mulu umakwera mpaka kugunda denga, masewera n'kuthera pomwepo. Pambali pamakhala kazenera koonetsa kanjerwa kamene kakubwera pambuyo pake, kotero kuti wosewera wochenjera, monga wa bawo uja, maso ake amakhala pawiri, pa chimene chili m'manja ndi pa chimene chikudza. Sipafunika kudziwa Chingerezi, sipafunika kudziwa kuwerenga, ngakhale kumva sikufunika. Mwana wa pa sukulu ya ana osamva ku Mua atha kugonjetsa mphunzitsi wake.

Tetris adafalikira kwambiri pamene kampani ya Nintendo ya ku Japan idamuika m'kachipangizo ka m'manja kotchedwa Game Boy m'chaka cha 1989. Kuno ku Malawi anthu ambiri adakumana ndi masewera otere kudzera m'mafoni a mabatani. Kampani ya Nokia idayamba kuika kanjoka kaja, Snake, m'mafoni ake m'chaka cha 1997, nthawi imene lamya za m'manja zidali zitangofika kumene m'dziko muno, TNM itayamba pakati pa zaka za m'ma 1990 ndipo Celtel itatsatira mu 1999. Amene adagwirako Nokia 3310 sangaiwale kanjokako. Lero masewera amalowetsedwa m'foni ndi anyamata obena nyimbo pa msika, kapena anthu amangogawana foni ndi foni popanda kulipira kanthu.

Pamene masewera athandiza

Kudikira uthenga umene munthu sakudziwa ngati ukhale wabwino kapena woipa ndi chimodzi mwa zinthu zolemetsa mtima koposa. Aliyense amene adakhalapo pa benchi kuyembekezera zotsatira za magazi, kapena panja pa chipinda chochilira mkazi wake ali mkati, amadziwa mmene maganizo amazungulirira pamalo amodzi ngati mbuzi yomangirira pa chikhomo. Akatswiri a za maganizo a pa yunivesite ya California ku Riverside, motsogozedwa ndi Kate Sweeny, adafufuza ngati masewera angapepuzeko katundu ameneyu. Adatenga ophunzira 290, nawajambula zithunzi ndi kuwauza kuti anthu ena akupereka malikisi pa maonekedwe awo. Podikira malikisiwo adawapatsa Tetris kwa mphindi 10. Gulu lina lidapatsidwa masewera ochedwa kwambiri mpaka kutopetsa, lina othamanga kwambiri mpaka kugwetsa mphwayi, ndipo lachitatu lidapatsidwa masewera amene liwiro lake linkakwera molingana ndi luso la wosewerayo. Zotsatira zake, zimene zidalengezedwa m'chaka cha 2018, zidaonetsa kuti a gulu lachitatu ndiwo adadikira ndi mtima wopepukirapo. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Ntchito yolingana ndi msinkhu wa munthu imadzaza mutu wonse, osasiya malo oti nkhawa iyalepo mphasa. Bambo wosoka ukonde ku nyanja, kapena mayi wosankha mpunga pa lichero, amaudziwa mtendere womwewo.

Ku England madokotala adapita patsogolo pang'ono. Pa chipatala cha John Radcliffe mu mzinda wa Oxford adasankha anthu 71 amene adafika atachita kapena kuona ngozi ya pamsewu. Pasanathe maola 6 chichitikire ngoziyo, pafupifupi theka la iwo adapemphedwa kukumbukira mwachidule zimene zidachitika, kenaka kusewera Tetris kwa mphindi 20. Enawo adangolemba zimene adakhala akuchita chifikire pa chipatalapo. M'sabata yotsatira, amene adasewera aja sankavutika kwambiri ndi zithunzi za ngoziyo zongobwera zokha m'maganizo. Zidachepa ndi magawo 62 pa 100 alionse poyerekeza ndi anzawo. Ofufuzawo, mmodzi mwa iwo Emily Holmes, adafotokoza m'chaka cha 2017 kuti mbali ya ubongo imene imagwira zithunzi imavutika kusenza ntchito ziwiri nthawi imodzi, motero ikatanganidwa ndi kutembenuza tinjerwa, chithunzi cha ngozi sichizika mizu kwambiri. Komabe anthu 71 ndi ochepa, ndipo patatha mwezi kusiyana pakati pa magulu awiriwo sikudaonekenso bwino. Choncho munthu wogwa pa njinga yamoto pa msewu wa ku Monkey Bay ayambe wathamangira naye ku chipatala. Tetris samanga bala, ndipo munthu amene maloto a ngozi akumusautsa kwa milungu yambiri afunika kuonana ndi achipatala.

Nanga zija zakuti masewera amanola nzeru? Apa mpofunika kusamala, chifukwa amalonda ndiwo amakonda kulankhula mokweza. M'chaka cha 2010 Adrian Owen ndi anzake ku Britain adafalitsa zimene adapeza pa anthu 11,430 amene adayesedwa kwa milungu 6. Amene ankachita masewera onola ubongo adasanduka akatswiri pa masewera omwewo, koma atapatsidwa mayeso ena a kukumbukira ndi kuganiza, sadapose gulu limene silidachite nawo. Wa Tetris amadziwa Tetris, monga momwe ukatswiri wa pa bawo sulembera munthu mayeso a Fomu 4.

Kafukufuku wa kuno ku Malawi adaonetsa mfundo yomweyi kuchokera ku mbali ina. M'chaka cha 2013 Nicola Pitchford wa pa yunivesite ya Nottingham adagawa patatu ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 pa sukulu ina ya pulayimale mu mzinda wa Lilongwe. Ena ankaphunzira masamu pa matabuleti kudzera m'timasewera ta m'Chichewa topangidwa ndi bungwe la onebillion, ena ankagwira matabuleti omwewo koma pa zinthu zopanda masamu, ndipo enawo ankaphunzira m'kalasi monga mwa masiku onse. Patatha milungu 8, a gulu loyamba ndiwo adapita patsogolo pa masamu, makamaka a Sitandade 2 ndi 3. Kugwira tabuleti pakokha sikudaphunzitse mwana kuwerengera; zimene zidali mkatimo ndizo zidamuphunzitsa. Kuyambira m'chaka cha 2023 Unduna wa Zamaphunziro udayamba kufikitsa matabuleti otere m'sukulu za pulayimale za boma kudzera m'ndondomeko ya BEFIT, ya ana a Sitandade 1 mpaka 4. Makolo ayenera kuona kusiyana kwake ndi foni ya pa khonde: ku sukulu mwana amagwira tabuleti kwa nthawi yoikika, mphunzitsi ali pomwepo, ndipo nthawi ikakwana tabuleti imabwerera kumene imasungidwa.

Masewera odikiritsa mwini foni

Bawo lili ndi malire ake achibadwa. Dzuwa likalowa nkhomo sizioneka, mmodzi akaitanidwa ku nsima masewera amaima, ndipo wina akadyeredwa mzere wonse wakutsogolo zatha basi. Zilapi zimatha agogo akawodzera. Ngakhale Tetris wakale ankatha yekha, popeza liwiro linkafika poti dzanja la munthu silingatsatire. Padapita zaka zoposa 30 munthu asanafike kumapeto kwenikweni kwa Tetris wa Nintendo. Adakafikako ndi mnyamata wa zaka 13 wa ku America, Willis Gibson, amene mu Disembala 2023 adasewera mpaka sitepe 157, makina n'kuima okha. Ena onse masewera ankawagonjetsa pakapita mphindi zowerengeka, iwo n'kudzuka kukachita zina.

Masewera ambiri a masiku ano adapangidwa mosiyana. Chitsanzo chake ndi a timaswiti aja, Candy Crush Saga, amene kampani ya King idatulutsa m'chaka cha 2012. Alibe mapeto, pakuti masitepe ake adaposa 10,000 kalekale ndipo eni ake amangoonjezera ena. Wosewera amapatsidwa miyoyo 5. Akalephera sitepe, moyo umodzi umapita. Yonse ikatha masewera amatsekeka, ndipo moyo umodzi umabwerera pakatha mphindi 30. Poyang'ana mwamsanga izi zimaoneka ngati chifundo, ngati kuti opangawo akufuna munthu apumuleko. Koma chimene chimachitika m'mutu mwa wosewera ndi china. Walekezedwa pamene adangotsala pang'ono kupambana, kotero mtima wake umakhalabe pomwepo. Ali kumunda akupalira thonje koma akuwerengera mphindi; ali pa mphasa akudya koma diso lili pa foni. Wosafuna kudikira amapatsidwa njira yachidule, ndiyo kulipira ndalama, kapena, m'masewera ambiri a mtunduwu, kuonera kanema wotsatsa malonda, amene amadya bandulo yogulidwa movutikira.

Misampha ilipo inanso. Pali mphatso ya tsiku ndi tsiku imene imakula munthu akamatsegula masewerawo mosadumphitsa, n'kugwa pansi akajomba tsiku limodzi. Pali kabelu kolira m'thumba kukumbutsa kuti miyoyo yadzaza. Koposa zonse pali mphotho zobwera mosayembekezereka. Akatswiri a za maganizo, kuyambira B. F. Skinner amene ankayesa nkhunda ndi makoswe, adazindikira kalekale kuti mphotho yobwera nthawi yosadziwika imagwira mtima kuposa yobwera nthawi zonse. Msodzi wa mbedza amalidziwa bwino lamuloli. Nsomba ikadamadya nyambo pa kuponya kulikonse, iye bwenzi akuweruka msanga. Chomukhazika m'bwato mpaka mdima nchakuti mwina kuponya kotsatiraku ndiko kwake. Ubongo umatulutsa timadzi totchedwa dopamine makamaka pamene munthu akuyembekezera mphotho, motero chimene chimamukokanso ku foni ndi chiyembekezocho kuposa kupambana kwenikweniko.

Sikuti opanga masewerawa ndi afiti ayi. Ndi amalonda, ndipo phindu lawo limachokera pa nthawi imene maso a munthu akhala pa galasi. Woyenera kuika malire ndi mwini foni, popeza masewerawo sadzamuuza kuti kwada.

Tulo, udzudzu ndi msewu

Choyamba chimene masewerawa amaba ndi tulo. M'chaka cha 2000 Robert Stickgold wa ku Harvard adafalitsa zimene adapeza ataseweretsa anthu 27 Tetris kwa maola angapo pa masiku 3. Oposa theka adanena kuti akamayamba kuwodzera ankaona tinjerwa tikugwa m'maso mwawo. Chodabwitsa nchakuti pakati pawo padali anthu 5 a matenda oiwala, osatha kukumbukira n'komwe kuti adasewerapo, koma 3 mwa iwo adaona tinjerwa tomweto. Ubongo umabzikula zimene wadya masana, monga imachitira ng'ombe m'khola. Kuonjezera apo, kuwala kwa galasi pafupi ndi maso usiku kumachedwetsa timadzi toitana tulo, totchedwa melatonin, ndipo mtima wofuna kupambana sitepe imodzi yokha yotsala sulola thupi kukhazikika. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafuna tulo ta maola 9 mpaka 12, wachinyamata maola 8 mpaka 10, ndipo munthu wamkulu osachepera maola 7. Mwana wosinza m'kalasi nthawi zina amaganiziridwa njala kapena ulesi, pamene chenicheni chili pansi pa chofunda chake.

Ku chigwa kuno vutoli lili ndi mnzake. M'miyezi yotentha m'nyumba simugoneka msanga, kotero anthu amakhala panja mpaka usiku, ndipo foni imawakhazika nthawi yoposa imene akadakhala. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku, ndipo munthu amene maso ndi manja ake atanganidwa saumva n'komwe ukamatera pa akakolo. Madera otsika a m'mphepete mwa nyanja ndi ena mwa amene malungo amavuta kwambiri m'dziko muno. Neti yonyikidwa m'mankhwala imateteza amene ali mkati mwake. Ikapachikika yokha m'chipinda, mwini wake ali pa khonde kuthamangitsa timaswiti, imangoteteza mphasa.

Mnyamata wa kabaza amene wagona 1 koloko usiku n'kudzuka mbandakucha kukanyamula amalonda a pa msika amakwera njinga yamoto ndi maso olemera. Ofufuza a ku Australia adapeza m'chaka cha 1997 kuti munthu amene wakhala maso kwa maola 17 dzanja ndi diso lake zimachedwa mofanana ndi za munthu amene wamwako mowa. Pa makona a Khwekhwerere, kapena pa M5 pamene ng'ombe ndi ana amadutsa mwadzidzidzi, kuchedwa kwa kamphindi nkokwanira, ndipo wovulala nthawi zambiri sakhala mmodzi.

Za maso nzosavuta. Munthu akayang'anitsitsa galasi amaphethira mocheperapo, motero maso amauma, kuyabwa ndi kufiira, mutu n'kumawawa. Zimenezi zimatha akapumula, ndipo si khungu monga ena amaopsezera. Madokotala a maso amalangiza kuti pakatha mphindi 20 zilizonse munthu ayang'ane kutali, monga pa mtengo wa kutsidya kwa bwalo, kwa masekondi 20. Kwa ana, kusewera panja masana kumathandiza kupewa vuto losaona patali.

Ana

Pa mzere wa sikelo, mwana akayamba kulira kawirikawiri amapatsidwa foni kuti atonthole, ndipo amatontholadi. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, lidapereka malangizo m'chaka cha 2019 akuti mwana wosakwana zaka 2 asakhazikidwe pa galasi n'komwe, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Kucheperapo ndiye bwino. Chodetsa nkhawa ndi zimene mwana amasowa pa nthawi imene maso ake ali pamenepo. Mwana amaphunzira kulankhula pomva mayi ake akumuyankha, poyang'ana nkhope ya agogo ake, pogwira dothi, zitsononkho ndi zikho. Foni imawala ndi kulira, koma siimwetulira mwana akayesa kutchula mawu ake oyamba.

Kwa mwana wa sukulu, kuletseratu kumangophunzitsa kubisa. Chothandiza ndi pangano lomveka: masewera abwere ntchito ya kusukulu ndi ya pakhomo zitatha, nthawi yake idziwike asanayambe, ndipo usiku foni igone kwa makolo. Bambo kapena mayi amene amakhala pansi nati, "Tandionetsa, mwanawe, umakatembenuza bwanji?" amadziwa zimene mwana wake akusewera, ndipo tsiku lina akadzati basi kwakwana, mwanayo amamva mawu a munthu amene adaseweranapo naye.

Kudziwa zimene zili m'fonimo nkofunika pa chifukwa chinanso. Pali masewera ena amene amavala nkhope ya magemu koma ndi juga, monga aja anthu amawatcha kandege, m'mene munthu amaikapo ndalama ndi kuyesa kuzichotsa ndege isanathawe. Mmenemo mulibe kazenera koonetsa chimene chikubwera, ndipo palibe luso limene lingagonjetse makinawo. Malamulo a dziko lino salola munthu wosakwana zaka 18 kutchova juga. Paliponse pamene pafunika kulowetsa ndalama ndi chiyembekezo chakuti zibwerera zochuluka, limenelo si bawo la m'thumba.

Pamene chizolowezi chasanduka matenda

M'chaka cha 2019 mayiko a m'bungwe la WHO adavomereza buku latsopano la mayina a matenda, m'mene kukodwa ndi masewera a pa kanema ndi pa foni kudalembedwa ngati vuto la umoyo, ndipo bukulo lidayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Bungweli lidanenetsa kuti ndi anthu ochepa chabe mwa osewera amene amafika pamenepa. Kukonda masewera pakokha si matenda. Wokodwa amadziwika chifukwa amalephera kudzilamulira kuti ayambe liti ndi kuleka liti. Masewera amakhala patsogolo pa munda, sukulu ndi banja, nthawi zina ngakhale pa kusamba ndi kudya, ndipo iye amapitirizabe chikhalirecho akuona kuti zinthu zikuonongeka. Achipatala amayang'ana ngati khalidweli lakhala kwa miyezi 12 ndiponso ngati likuonongadi moyo wa munthuyo.

Kawirikawiri pansi pake pamakhala china: kusowa ntchito, kusungulumwa, chisoni cha maliro, kapena matenda a nkhawa. Kulanda foni ndi kuiphwanya sikuchotsa chimene chidamuthawitsira m'fonimo, ndipo kumuchititsa manyazi pa gulu kumangomubweza momwemo. Wotere ndi bwino kupita naye ku chipatala, akafotokoze kwa dokotala kapena namwino monga momwe angafotokozere kusagona kapena kusadya. M'zipatala za m'maboma mumapezeka anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo a pa chipatala chaching'ono atha kumutumiza kumeneko.

Batire

Pali chinthu chimodzi chimene ofufuza a ku Oxford ndi ku California sadafunike kuchiganizira, chifukwa kwawo magetsi ali pa khoma lililonse. Pa Golomoti pali malo aakulu opangira magetsi kuchokera ku dzuwa, a kampani ya JCM Power, amene adayamba ntchito m'chaka cha 2022. Amapanga mamegawati 20, ndipo adali oyamba m'dziko muno kukhala ndi mabatire akuluakulu osunga mphamvuyo. Magetsiwo amalowa m'nthambo za ESCOM kupita kumadera osiyanasiyana. Koma m'nyumba zambiri za m'midzi foni imadalira kasola ka padenga kapena kulipira pa malo otchajira pa msika, ndipo kawirikawiri foni imodzi ndi ya banja lonse. Masewera a zithunzi zowala amamwa batire msanga.

Foni yomweyo ndiyo imene banja lidzaitanire wa kabaza matenda a mayi woyembekezera akayamba pakati pa usiku, kapena mwana akayamba kukomoka ndi malungo. Ndiyo yoimbira ku Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka m'chaka cha 2011 ndipo pambuyo pake chidafalikira dziko lonse m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Ndiyo tochi yopezera buku la kuchipatala mumdima, ndiyonso imene mabanja ambiri amasungiramo ndalama za ulendo. Banja limene lili ndi mayi wa pakati pa miyezi 8 kapena 9, mwana wakhanda, kapena wodwala wogona, lichita bwino kuika lamulo lakuti batire ikafika pa theka masewera aime, ndipo dzuwa likalowa foni ikhale pamalo amodzi odziwika kwa onse a m'nyumbamo.

Pa benchi la chipatala, pamene kudikira nkosapeweka, wofuna kusewera atha kusewera, ndipo mwina mtima wake upepukako. Angotsitsa phokoso polemekeza odwala anzake, asatseke makutu ndi zomvera kuti dzina lake likaitanidwa alimve, ndipo asiye batire yokwanira kuimbira kunyumba kukanena zimene adokotala apeza.